Madzi Saiwala Khwawa, Oilo Saiwala Thanki

Makolo amene anati madzi saiwala khwawa sankadziwa jeke. Ankanena munthu uja amalumbira pa Chaka Chatsopano kuti mowa wausiya, koma pofika Febuluwale miyendo yam'fikitsa yokha ku shabini. Komabe pitani pa galaja ku Ndirande kaya ku Biwi, mukaone galimoto imene aikweza ndi jeke m'mawa n'kuisiya. Pofika masana yatsika, woikhudza palibe. Makaniko akuloza mnyamata wophunzira ntchito, mnyamata akuloza jeke, jeke ili duu. Wolakwa ndi oilo. Wabwerera kwawo.

M'kati mwa jeke muli silinda, ndipo silinda payokha si chinthu chovuta. Ndi paipi yachitsulo yosalala m'kati, mmene muli pisitoni, ndipo pa pisitoniyo amangapo ndodo yachitsulo yotulukira mbali imodzi. Pampu ikathira oilo kumbuyo kwa pisitoni, oiloyo safinyika ngati mpweya, ndiye chimene chimasuntha ndi pisitoni ndi ndodo yake. Mkono wa katapila, tipa yokhuthula mchenga, mpando wa kometera tsitsi, zonsezi nzeru yake ndi imodzi. Anaifotokoza ndi Blaise Pascal wa ku France, amene anamwalira mu 1662 ali ndi zaka 39 zokha: ukapanikiza madzi otsekeredwa, kupanikizako kumafika mbali zonse mofanana.

Phindu lake n'lodabwitsa. Pisitoni ya masentimita 10 m'mimba mwake, oilo akapanikizidwa kufika 200 bar, imakankha katundu wa matani pafupifupi 16. Pobwerera mphamvu imachepa, chifukwa mbali inayo ndodo yadya malo. Ndodo ikakhala ya masentimita 5, matani amatsika kufika pa 12. Koma poti malo odzaza oilo achepa, imabwerera msanga kuposa mmene inapitira. Ndi khalidwe la tonsefe: popita kuntchito kukoka miyendo, poweruka liwiro.

Vuto ndi lakuti oilo sakankha pisitoni yokha. Akukankhanso khoma la silinda, paipi, nati iliyonse, mphira uliwonse, usana ndi usiku, kufufuza pothawira. Kwawo ndi ku thanki, kumene kulibe womupanikiza, ndipo thanki ikatalika amavomera ngakhale dothi la pansi pa lole.

Mmodzi mwa anthu amene analimbana ndi vutoli kalekale ndi Joseph Bramah wa ku London. Mu 1778 analembetsa chimbudzi chogejemula chimene anachikonza bwino, ndiye za madzi ofuna kupita kumene sakufunidwa ankazidziwa kale. Mu 1795 analembetsa makina opanikizira zinthu ndi madzi, koma madziwo ankathawa m'mbali mwa pisitoni. Mankhwala ake anali chikopa chopindidwa ngati chilembo cha U, ndipo ambiri amati nzeruyi inachokera kwa wantchito wake Henry Maudslay. Madzi akapanikizidwa amalowa m'kamwa mwa chikopacho n'kuchitambasula, milomo yake n'kukakamira khoma. Akamalimbikira kuthawa ndi pamene akudzitsekera chitseko mwamphamvu. Kwa ine, m'makina onsewa mulibe china chochenjera kuposa ichi. Lero chikopa chinalowedwa m'malo ndi mphira ndi polyurethane, koma ambiri mwa masiilo akadali ndi mlomo womwewo.

Siilo ya pa pisitoni ikatha simuona dontho ngakhale limodzi, chifukwa oilo akuzembera m'kati momwemo. Mumangodabwa makina akufooka ndiponso akutentha. Ya pa ndodo ikatha mudzi wonse umadziwa. Ndipo kunja kwenikweni kuli kamphira kena kopukuta ndodo ikamalowa, kamene aliyense amakapeputsa. Fumbi la mu Okutobala likamatirira pa ndodo yonyowa n'kulowa nayo, limasanduka sandipepa. N'chifukwa chake ndodoyo amaikuta ndi chrome kuti iwale ngati galasi. Si zodzikongoletsa ayi. Kakanda kamodzi kokha, kamene chikhadabo chimakodwapo, kamadula siilo pa ulendo uliwonse.

Ndiye mudzaone wina waimanga pa vaisi popanda kansalu, wina akuigogoda ndi nyundo kuti ituluke. Akamaliza amauza mwini lole kuti, "Bwana, masiilo a masiku ano ndi achabechabe." Bwana amagula ena. Sabata isanathe yayambanso kudontha, ndipo munthu wachifundo amakulungapo legeni. Legeni ndimalilemekeza, lamanga katundu wa dziko lino pa njinga kwa zaka zambiri, koma kutsogolo kwa 200 bar likungoperekeza.

Ndodo ili ndi zodana nazo zina. Ikatalika imapindika: Leonhard Euler anawerengera mu 1744, ndipo masamu ake amati mukawirikiza utali kawiri, katundu amene ingapirire amatsika kanayi. Imadananso ndi kukankhidwa cham'mbali, chifukwa imayamba kudya mbali imodzi ya khomo lake, oilo n'kupeza khwawa latsopano. M'mafakitale, mmene masilinda ang'onoang'ono a mpweya wa 6 bar amakankha mabotolo ndi makatoni tsiku lonse, amaikamo ndodo zina ziwiri m'mbali zotsetserekapo. Izo zimasenza kulemera ndi kuletsa kupotoka, ya pakati n'kutsala ndi ntchito imodzi yokankha.

Opanga makina anzeru salimbana ndi mwambiwu mpaka kutha mpweya. Amam'kumbira oilo khwawa lake, koma kiyi amasunga okha. Pali valavu imene imatseguka kupanikiza kukapyola muyezo, kuti oilo apite ku thanki paipi isanaphulike. Silinda ya tipa, ija imatuluka m'magawo kuyambira lonenepa mpaka lowonda, nthawi zambiri amaipopa pokweza pokha. Potsika dalaivala amangotsegula njira, kulemera kwa bodi n'kum'thamangitsira oilo kwawo. Pa jeke khwawa lake ndi kasikuluwu kapansi kaja, ndi timipira tachitsulo totseka njira. Kachitsotso kakangokhala pansi pa kampira kamodzi, ulendo wayambika.

Apa nthabwala zimatha pang'ono. Munthu asagone pansi pa galimoto yodalira jeke yokha, kapena kulowetsa mutu pansi pa bodi ya tipa popanda chochirikiza. Ndipo paipi ikabowoka kabowo konga ka singano, musafufuze ndi chala. Oiloyo amaboola khungu, ndipo anthu adulidwapo zala. Yandikizani katoni.

Mpweya nawo unamva mwambiwu. Mpando wa mu ofesi uja wokwera ndi kutsika uli ndi silinda yodzaza nayitrojeni, ndipo siilo yake ikatopa susankha nthawi. Atcheyamani amatsegula msonkhano ali pamwamba pa onse. Pofika pa mfundo ya ndalama chibwano chayandikira tebulo. Amadzuka pang'ono, kukoka kachitsulo, kukhalanso ngati palibe chachitika, komiti yonse maso pa mapepala. Akamafunsa ngati pali zina ndi zina, kumapeto kwa tebulo kukuoneka magalasi ndi dazi basi, ndipo mlembi amalemba kuti panalibe wotsutsa.