Ndikubwera ndi masiku 7 ndi theka

Germiston
23 Novembala 2025

Okondedwa amake Tadala,

Ine kuno ndili bwino, kungoti mutu ukulemera ndi masamu. Nkhani iyi sindinafune kuitumiza pa WhatsApp, chifukwa ndikudziwa kuti uthenga wanga mumautsegula mokweza apongozi ali pamkeka pomwepo. N'chifukwa chake ndalemba papepala ndi kupatsira mnyamata uja amanyamula katundu. Muwerenge muli chikhalire, ndipo ngati pamoto pali ndiwo, yambani mwaphula.

Mukukumbuka mu Julaye muja nditalembedwa ntchito ku kampani yogulitsa matailosi? Ndinakuimbirani ndikukuwa ngati ndagoletsa chigoli. Ndinati maganyu a m'minda ya maluwa atha, ndasaina kontirakiti, ndipo Disembala ndibwera kudzakhala milungu itatu yathunthu, mwinanso mwezi. Mawu amenewo ndikuwapempha abwerere. Ngati munawamwaza kale kuchigayo, kumjigo ndi ku Mvano, yambani kuwatolera.

Amene anandipusitsa ndi achimwene a ku Mzimba aja timagona nawo chipinda chimodzi, amene anafika kuno Thabo Mbeki akadali pampando. Iwo anandiuza motsimikiza kuti lamulo la dziko lino limapatsa wantchito aliyense masiku 21 a livi. Sananame. Lamulolo lilipodi, dzina lake Basic Conditions of Employment Act, la 1997, ndipo chidule chake anachimata pakhoma pafupi ndi pomwe timadindira polowa. Ndakhala ndikuchidutsa m'mawa ndi madzulo miyezi isanu, ndikumayesa ndi malangizo a mmene tingathawire moto. Safunsa anadya phula.

Lachinayi ndinavala malaya aja munandisitira pobwera, n'kukagogoda ku ofesi ya mayi wolemba malipiro. Ndinalowa ndi ulemu wonse, chipewa m'manja, n'kunena kuti ndabwera kudzatenga masiku anga 21. Mayiyo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Munayamba liti ntchito?"

"Pa 1 Julaye."

Anadina kakyuleta katatu. Katatu kokha, amake Tadala. Kenaka anaitembenuza kuti ndidzionere ndekha. Panalembedwa 7.5. Ndinafunsa ngati imeneyo ndi nthawi yomwe ndibwerenso mawa. Anati ayi, amenewo ndiwo masiku anu.

Mvetserani mmene ng'ombe yanga inasandukira mbuzi, kenaka kalulu. Mpeni woyamba: masiku 21 ajawo ndi otsatizana, Loweruka ndi Lamulungu ali momwemo. Ife timagwira Lolemba mpaka Lachisanu, ndiye ukachotsamo masiku omwe ndi ako kale, pamatsala masiku a ntchito 15. Anzathu ogwira mpaka Loweruka iwo amapeza 18, koma musawasirire, Loweruka lawo lonse linapita. Mpeni wachiwiri ndi umene unandifika pafupa: masiku 15 amenewo ndi a munthu amene watha miyezi 12. Ndipo chaka cha livi sachiwerenga kuyambira Januwale ngati kalendala ya kutchalitchi. Chimayamba tsiku lomwe unalembedwa. Changa chinayamba pa 1 Julaye, chidzatha pa 30 Juni. Mukagawa 15 pa miyezi 12, mwezi uliwonse ndimakolola tsiku limodzi ndi kota. Julaye mpaka Disembala ndi miyezi 6. Chulukitsani nokha, kapena muitaneni Tadala, paja akuti masamu amakhoza.

Ndinayesa kudandaula kuti kwathu n'kutali, maiko awiri pakati. Mayiyo anati ndithokoze, chifukwa kunena zoona pomatha Novembala ndikhala ndili ndi masiku 6 ndi kota basi. Tsiku ndi kota la Disembala akuchita kundibwereka, poti mweziwo sindinaugwire. Ndiye kuti ndikubwera kwathu ndi ngongole ya tsiku. Ngongole ya shuga ndinaimvapo, ya feteleza ndinaimvapo, koma ya tsiku ndaionera ku Joni.

Sindinakhutire, ndinakasuma kwa mnzanga wa ku Masvingo amene timakweza naye makatoni. Kwawo anali mphunzitsi wa masamu, ndipo akaona manambala maso ake amawala ngati waona nsima. Anang'amba katoni n'kuyamba kulemba. Anati lamulo lomwelo lili ndi njira ina ngati bwana ndi wantchito agwirizana: tsiku limodzi la livi pa masiku 17 aliwonse omwe wagwira. Mtima unayamba kudumpha, ndinati mwina ng'ombe yanga idzuka. Tinawerenga limodzilimodzi kuyambira 1 Julaye mpaka 19 Disembala, tinapeza 122. Pogawa ndi 17 panatuluka 7 ndi nyenyeswa. Ndinawauza aphunzitsiwo kuti andibwezere theka langa lija, tisiye milandu.

Usiku ndili chigonere ndinakumbuka inu nomwe. Chaka chatha ku banki m'khonde, mayi uja analowa mu Ogasiti n'kumafuna kugawana mofanana ndi anthu omwe anasonkha kuyambira Januwale, si inu munaimirira n'kumuwerengera masheya ake pagulu? Munandifotokozera pafoni mukuseka mpaka ndalama za foni zinatha. Lero mayi ameneyo ndine. Mukakumana naye mum'patse moni wanga.

M'chipinda mwathu aphungu sasowa. Wina anati ndidwale. Koma pa miyezi 6 yoyamba, munthu amapeza tsiku limodzi lodwala pa masiku 26 aliwonse, ndipo ukapitirira masiku awiri akufuna kalata ya dokotala. Nanga dokotala wake uti angalembe kuti matenda anga mankhwala ake ali ku Phalombe? Wina anati ndiphe agogo. Kunotu kuli masiku atatu pa chaka a zovuta za pabanja, monga maliro kapena mwana akadwala, kwa amene watha miyezi inayi pantchito. Ndinati agogo anga onse anagona kale, ndipo kuwadzutsa kuti afenso ndi mwano. Komanso mayi wa magalasi uja amafuna umboni. Akuti anayamba kuuma mtima m'bale wathu wina ataika agogo ake aakazi kachitatu, kawiri konse m'nyengo ya Khirisimasi.

Pa mndandanda wa maliro ovomerezekawo pali chinthu chomwe chinandidabwitsa. Pali mkazi kapena mwamuna wako, kholo, agogo, mwana, mdzukulu, m'bale wako wobadwa naye. Amalume palibe. Tangoganizani, mwini mbumba, munthu amene popanda iye ukwati wathu sukanamangidwa, lamulo la kuno silimudziwa. Apongozinso palibe. Chiganizo chimenechi musawawerengere.

Ndinafunsanso ngati masiku amagulitsidwa, poganiza kuti mwina ndigule kwa mnyamata wina wa ku Soweto amene kwawo amafika pa teksi imodzi. Anandiseka. Akuti ngakhale bwana saloledwa kukupatsa ndalama m'malo mwa livi, pokhapokha ntchito ikatha. Chomwe chilipo ndi kupempha masiku osalipidwa. Ndinawerengera fizi ya Januwale ndi thumba la feteleza wobereketsa, ndinatseka pakamwa.

Tsopano pukutani misozi, chifukwa aphunzitsi a ku Masvingo aja anandipezera kanjira. Tsiku la holide ya boma likagwera mkati mwa livi, saliwerengera. Tamverani mmene tayalira. Ndiweruka Lachisanu pa 19 Disembala. Loweruka ndi Lamulungu ndi anga. Pa 22, 23 ndi 24 ndadya masiku atatu. Pa 25 ndi Khirisimasi, pa 26 ndi holide yomwe kuno amati Day of Goodwill, kenaka Loweruka ndi Lamulungu, onsewo aulere. Pa 29, 30 ndi 31 ndadya ena atatu. Pa 1 Januwale ndi paulere. Pa 2 ndadya lachisanu ndi chiwiri, kenaka Loweruka ndi Lamulungu. Kuchokera pa 20 Disembala kufika pa 4 Januwale ndi masiku 16. Kalulu uja wanenepa, wafika pa mbuzi. Pali holide inanso pa 16 Disembala, koma chaka chino yagwera Lachiwiri, yangoima payokha ngati dzino la nkhalamba, ndiye ndidzaithera kuchapa ndi kumanga katundu. Bwana wavomera masikuwa, ndipo ndinathokoza kawiri, chifukwa mukapanda kugwirizana, mawu omaliza pa nthawi ya livi amakhala ake.

Musanayambe nthungululu, chotsanipo msewu. Basi inyamuka ku Park Station pa 20. Pa Beitbridge mu Disembala anthu amachuluka ngati dziko lonse likusamuka, ndipo munthu umatha kumera ndevu uli pamzere. Kenaka Harare, Nyamapanda, kuoloka Zambezi pa Tete, Zobue, Mwanza, mpaka pa Wenela. Kuchoka apo minibasi ya ku Limbe, ina ya kwathu, pomaliza kabaza, ine kumbuyo nditakumbatira chigubu cha mafuta ophikira. Mulungu akalola ndifika pa 22 madzulo, miyendo itatupa ngati mitondo. Pobwerera ndiyenera kunyamuka pa 2. Theka lija ndalisunga Lolemba pa 5 m'mawa, kuti Beitbridge akafuna msonkho wake adye limenelo. Ndiye masiku ogona ndi kudzuka pakhomo ndi 10.

Agogo anga aamuna ankapita ndi Wenela, ankatha zaka ziwiri m'migodi, koma akabwera ndi sutikesi ndi njinga ankakhala pakhonde miyezi, anthu n'kumabwera kudzaona nsapato zawo. Ine mdzukulu wawo ndili ndi foni ya kamera zitatu, koma ndikubwera ngati mame.

Tsono ndaona mndandanda munanditumizira uja. Kumanga chiliza cha bambo, masiku atatu. Chinkhoswe cha mlamu wanga, masiku awiri, kuphatikiza lokagula mbuzi. Mlandu wa malire kwa amfumu, mwati tsiku limodzi, koma tonse tikudziwa kuti amfumu akati m'mawa amatanthauza dzuwa likapendeka, ndipo mbali inayo sibwera ulendo woyamba. Kukonza denga, masiku awiri. Kukaonekera kwathu kwa amayi, masiku awiri, apo ayi adzati munandidyetsa. Kupalira munda wa apongozi mwalemba kuti "mpaka uthe". Ndawonkhetsa zonsezi pakatoni pomwe paja zakwana masiku 10 tisanafike kumunda, ndipo Khirisimasi, tchalitchi, inuyo ndi ana simunalowemo.

Ndiye ndagamula motere. Chiliza chimangidwe, amenewo ndi bambo. Chinkhoswe ndidzafika tsiku lenilenilo, mbuzi akagule amalume, poti lamulo la kwathu limawadziwa. Mlandu wa malire udikire chilimwe, munda suthawa. Za kupalira ndatumiza kangachepe pa Mukuru, mupeze anyamata aganyu ayambe sabata ino. Ine ndidzapita tsiku lomaliza ndi khasu paphewa, ndidzagwire mzere umodzi apongozi akuona, kuti mbiri ya mkamwini isaonongeke. Ndipo chonde musauze anthu tsiku lofika. Nenani kuti ndifika pa 24. Tsiku la pa 23 ndikufuna ndidzagone mpaka dzuwa litakwera, ndidye nsima ya mgaiwa ndi chisoso, ndimve Tadala akuwerenga, popanda munthu wodzafunsa ngati ku Joni kuli ntchito ya mwana wake.

Mayi wa magalasi anandiuzanso kanthu kena potuluka. Januwale mpaka Juni ndidzakolola masiku ena 7 ndi theka, ndipo lamulo limati bwana andipatse asanathe miyezi 6 chaka changa chitatha, ndiye kuti pofika kumapeto kwa Disembala. Ndikawasunga osawakhudza, n'kuphatikiza ndi a Julaye mpaka Disembala, Khirisimasi ya 2026 ndidzabwera ndi 15 athunthu. Koma izi zikhale za m'nyumba. Ndaphunzira kuti mawu anga akafika kumjigo amabereka.

Bulangete la apongozi ndagula, lolemera moti likufuna tikiti yakeyake. Nsapato za ana munditumizire miyezo ya mapazi pa ulusi, chaka chatha ndinachita manyazi. Tambala wofiira uja musamugulitse, ndipo muuzeni kuti wangotsala ndi mwezi umodzi.

Ndine wanu,
Bambo a Tadala