Mmene mungapumire pantchito mudakali pa PT4

Mphunzitsi wa pulaimale amayambira pa giredi ya PT4, ndipo wogwira ntchito m'boma amapuma akakwanitsa zaka 60. Ngati munatuluka ku koleji muli ndi zaka 25, muli ndi zaka 35 zoti mukhale pa giredi yomweyo. N'zotheka, ndipo zachitikira aphunzitsi aluso, amene mwana wa sitandade 1 akadutsa m'manja mwawo amatuluka akuwerenga. Zimandipweteka mtima, n'chifukwa chake ndikulongosola njira yake bwinobwino.

Yambani ndi kudikira. Muziwauza anzanu kuti boma likudziwa kuti mulipo, tsiku lina lidzakukumbukirani. A PEA, alangizi a sukulu za pulaimale, akabwera kudzayendera sukulu, musawafunse ngati a Teaching Service Commission alengeza malo a PT3. Ku TDC, kumene aphunzitsi a m'dera amakasulidwa, muzipita pokhapokha kukamveka fungo la alawansi. Chidziwitso cha intavyu chikamatidwa ku ofesi ya maphunziro ya pa boma, inu mudzachimve tsiku lotsekera litapita. Kudikira kotereku kumaoneka ngati kuleza mtima, ndiye kumagwira kwambiri anthu aulemu.

Koma nkhani yagona pa satifiketi ya MSCE. Mayunivesite a boma amafuna makirediti 6, limodzi la Chingerezi. Ngati muli nawo 4, kapena Chingerezicho munangokhoza mokwawa, musalembenso. A MANEB amalola munthu wamkulu kulembanso mayeso chaka chilichonse, koma inu muziti: "Ine ndikakhale pa desiki limodzi ndi mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha sitandade 8? Anthu adzati chiyani?" Manyazi amenewa atsekereza aphunzitsi ambiri kuposa kusowa kwa ndalama. Mwanayo adzapita ku koleji ya Domasi kapena ya Nalikule, adzabwera ndi pepala lophunzitsira ku sekondale, ndipo adzakupatsani moni wogwada pamsewu, inu mukupalasa njinga yomwe ija. Mukamva kuti ku Mzuzu University kuli maphunziro ochita munthu asanasiye ntchito, musafunse fizi yake. Ingogamulani kuti simungaikwanitse.

Ngati mtima ukukakamizani kuphunzira, pitani ku koleji iliyonse imene mwaiona pa chikwangwani m'tauni, osafufuza ngati a NCHE, bungwe loyang'anira makoleji, anaivomereza. Mudzalipira zaka ziwiri, mudzajambulitsa mutavala gauni, kenako pepalalo lidzabwezedwa.

Ngongole nayo musaiiwale. Tengani yoti azidula kumalipiro, ndipo isanathe, kaonjezereni ina. Pepala la malipiro likamabwera, mizere ya zodulidwa izichuluka mpaka nambala ya pansi isakwanenso thumba la chimanga ndi sopo. Potsalapo atseke ndi a katapila a pa msika, amene amasunga khadi lanu la ku banki m'thumba mwawo. Mukafika apa, ngakhale kalata yokuitanani ku intavyu itabwera, ndalama ya basi idzasowa.

Makalata anu, yolembedwera ntchito ndi yotsimikiziridwa pantchito, aikeni m'katoni pansi pa bedi, pomwe chiswe chimayenda nthawi ya dzinja. Ahedi akakupemphani kuti mutsogolere chigawo cha makalasi aang'ono kapena muzisamala kaundula wa mayeso, kanani poti ntchitoyo ilibe ndalama. Tsiku la intavyu akadzakufunsani udindo umene munagwirapo, mudzayang'ana kudenga. Malamulo a ogwira ntchito m'boma musawawerenge ngakhale tsamba limodzi.

Tsono pali mfundo imodzi yoona, imene mungaigwiritse ntchito molakwika mosavuta. Chiyambire maphunziro aulere a pulaimale mu 1994, aphunzitsi anachuluka kwambiri pamene malo okwezedwera ndi ochepa, ndipo a bungwe la aphunzitsi la TUM akamadandaula kuti anthu akukalambira pa giredi imodzi, sakunama. Ine ndili nawo mbali imodzi. Koma inu choonadi chimenechi muchisandutse chotsekera nkhani. Mnzanu akatulutsa fomu yofunsira malo ku koleji, mumuuze kuti popanda wachibale ku Capital Hill akungotaya nthawi. Akakupemphani kuti muziwerengera limodzi madzulo, muuzeni kuti muli ndi zochita kudimba. Akapita n'kubwerako atakwezedwa, munene kuti anali ndi womukankha, ndipo aphunzitsi atsopano amene angofika kumene kuchokera ku koleji ya aphunzitsi (TTC) muwaphunzitse kuyankhula chimodzimodzi.