Ulemu kwa Dzenje la Pamsewu, Makaniko Wosalipidwa wa ku Kabwe

Mwa amisiri onse a m'tauni ya Kabwe, palibe amene amanyozedwa ngati dzenje la pamsewu, chonsecho ndi lokhalo limene limasintha kaimidwe ka matayala a galimoto popanda sipanala, popanda jeke, ndiponso osapempha ngakhale ngwee imodzi. Mbiri yake ndi yolemekezeka, pakuti tauniyi inabadwa ndi kukumba pamene mtovu ndi zinki zinapezeka mu 1902 pamalo amene ankatchedwa Broken Hill, ndipo ngakhale mgodiwo unatsekedwa mu 1994, dzenje silinataye mwambo wa makolo. Limakula ndi mvula ya pakati pa Novembala ndi Epulo, madzi akalowa m'ming'alu ya phula n'kufewetsa dothi la pansi, ndipo malole a mkuwa ochokera ku Copperbelt ndi ku Congo, podutsa mu Great North Road, amalithandiza mosanyinyirika.

Kuti luso lake limveke, m'pofunika kudziwa kuti amakaniko akamanena za alignment amatanthauza miyeso itatu. Woyamba ndi toe, umene umasonyeza ngati matayala akutsogolo alozerana mkati kapena atalikirana, ndipo mamilimita ochepa okha akalakwika tayala limayenda likukhula pansi. Wachiwiri ndi camber, kupendekeka kwa tayala poliyang'ana chakumaso kwa galimoto, kumene kukapyola muyezo kumaipatsa galimotoyo matewe n'kudya mphira mbali imodzi. Wachitatu ndi caster, kupendekera kumbuyo kwa mzere umene tayala limatembenukirapo, monga mmene ilili foloko ya njinga, ndipo ndi umene umabweza chiwongolero pakati dalaivala akamaliza kukhota. Akatswiri opanga magalimoto ku Japan amatha miyezi akuwerengera miyeso imeneyi, koma dzenje, limene silinapondepo pa Mulungushi University, limaikonzanso yonse m'kuphethira kwa diso popinda zitsulo zogwira tayala, kuphatikizapo tie rod, kachitsulo kamene kamafikitsa lamulo la chiwongolero ku tayala. Limatsutsa ngakhale nzeru imene Rudolph Ackermann analembetsa ku London mu 1818, yakuti pokhota tayala la mkati litembenuke kwambiri kuposa la kunja, ndipo kulira kwa matayala pangodya iliyonse ndi umboni wakuti lapambana mtsutsowo.

Phindu la ntchitoyi anthu osayamika saliona. Galimoto imene camber kapena caster yake yasiyana kumanja ndi kumanzere imakokera mbali imodzi ngati mbuzi yaona munda wa chimanga, motero dalaivala wa ulendo wa makilomita pafupifupi 140 wopita ku Lusaka sapeza mpata wosinza, ndipo mkono wake umalimba kuposa wa wolima ndi khasu. Chiwongolero chimakhala chokhota galimoto ikuyenda molunjika, zimene zimaphunzitsa munthu kusakhulupirira maso ake. Tayala likatha mkati kunja kukadali kwatsopano, ogulitsa matayala akale, omata machubu ndi eni magalaja amagona atakhuta, ndipo palibe nduna imene inagawapo ntchito mofulumira chotere. Tsankho nalonso dzenje lilibe, chifukwa minibasi yotopa ya ku Bwacha kapena ku Makululu imalandira chithandizo chofanana ndi cha Land Cruiser ya bwana, kungoti ya bwanayo imakadandaulira pa kompyuta ya m'galaja pamene minibasi imakayezedwa ndi chingwe pansi pa mtengo.

Ena akuti masiku ake atha, popeza mu 2023 boma linasaina pangano lomanga msewu waukulu wa makilomita 327 pakati pa Lusaka ndi Ndola. Iwo amaiwala kuti galimoto iliyonse imapatuka mumsewu waukulu madzulo n'kulowa m'misewu ya m'makomboni, kumene mmisiriyu amadikira modzichepetsa, atafunda madzi amatope, akuoneka ngati kachithaphwi kosafika n'komwe m'kakolo.