Kalumo Kakuthwa, Mutu Wometa Theka

Loweruka lina mu Julayi, mwera utatseka nyanja moti a chilimila anangokhala pamchenga n'kumasoka maukonde, ndinapita kukametetsa pa kababashopu kena kufupi ndi msika wa pa boma pano pa Nkhotakota. Mnyamata wometa anayamba bwino. Makina anayenda kuchokera kukhutu lamanja mpaka paliwombo, kenako zii. Magetsi athawa. Tinayang'anana pagalasi. Mbali imodzi ya mutu wanga inali see ngati dzira, inayo ili yowirira moti bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks likanatha kusamutsirako njovu ziwiri.

"Dikirani pang'ono bambo, abwera awa," anatero. Nditafunsa ngati ali ndi lezala kapena sizasi, anandiyang'ana ngati ndapempha uta ndi mivi. Dzuwa litapendeka ndinapita kwathu nditavala chipewa chobwereka kwa mnyamata wa kabaza.

Pansi pa chipewacho ndi pomwe ndinayamba kukangana ndi makolo. Iwo anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo sananame. Koma mwambiwu umathera panjira ngati msewu wa kampeni. Sunena ngati mlendoyo pochoka amakasiya kalumoko. Sunena wonola ndani. Ndipo sunena chochita mukayambana naye iye atakumetani theka.

Boma lathu linauloweza mwambiwu kuposa ana a sitandade 5. Ofesi ikafuna pulogalamu ya kompyuta, kaya yolipirira ndalama, yosindikizira mapasipoti kapena ziphaso zoyendetsera galimoto, maso amathamangira kubwalo la ndege. Mlendo amatsika ndi laputopu, amaonetsa zithunzi pakhoma, akuluakulu n'kuwomba m'manja. Pasiwedi yaikulu ndi malamulo a m'kati mwa pulogalamuyo, omwe akatswiri amati source code, nthawi zambiri zimakhala m'thumba mwake. Ife timapereka mutu ndi ndalama.

Taonani za mapasipoti. Mu 2019 boma linasainirana ndi kampani yakunja ya Techno Brain kontirakiti ya madola 60.8 miliyoni. Mu Disembala 2021 mlangizi wa boma pa zamalamulo, a Thabo Chakaka Nyirenda, anaithetsa. Mwina anali ndi zifukwa zomveka, koma wometa anauzidwa kuti aime mutu uli pakati. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima, ndipo mu Febuluwale pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti mbava za pa intaneti zalanda sisitimu ndipo zikufuna dipo, lomwe boma silipereka. Amabungwe ena anatsutsa, nati nkhani yeniyeni inali ya malaisensi a pulogalamuyo. Kaya inali mbava kaya laisensi, anyamata a ku Dwangwa ndi ku Chia omwe anagulitsa mpunga ndi mbuzi kuti apite ku Joni anali kudikira ndi mitu yometa theka. Kampani ya konkuno ya E-Tech Systems inaitanidwa kudzazimitsa moto, mtengo wa pasipoti unatsika kuchoka pa K90,000 kufika pa K50,000, ndipo posakhalitsa tinaitananso mlendo wina, ulendo uno wa ku India. Mpando wa ometa suzizira.

Musaganize kuti ndikudana ndi alendo. Wa ku Nkhotakota sangatero, chifukwa tawuni yathuyi inakula ndi alendo. Jumbe Salim bin Abdallah anafika kuno cha m'ma 1840 ndi nsalu, mikanda ndi mfuti, ndipo kalumo kake kanali kakuthwa zoopsa: kanadula mabanja, anthu n'kumawolotsedwa nyanja pa zombo kupita ku Kilwa. David Livingstone, mlendonso, anadzakhala pansi pa mtengo uja timaonetsa alendo a masiku ano. Koma pa zonse zomwe a Jumbe anafalitsa kuno, chomwe chimatidyetsa mpaka lero ndi mpunga. Chifukwa chake n'chosavuta: mpunga unabwera ndi mbewu yake. Ukakolola umasungako, chaka chamawa umafesa wekha. Palibe mayi wa kudambo amene anaimbirapo foni ku Zanzibar kuti laisensi ya nazale yatha.

Komanso tisamunamizire mlendo zonse. Pulogalamu yoyendetsera chuma cha boma ya IFMIS inabwera mu 2005 kudzera ku kampani ya ku Tanzania ya Soft-Tech, ndipo apa mapasiwedi anapatsidwa kwa ife eni. Tinachita nawo chiyani? Mu 2013 zinaululika kuti anthu ena ku Capital Hill ankalemba macheke a makampani omwe sanagwire ntchito iliyonse, ndalama zikatuluka n'kufufuta mapazi awo m'kompyuta. Ndiye Cashgate ija. Kalumo titakagwira tokha, sitinamete nako tsitsi, tinang'amba nako thumba la mayi athu. Ndipo poti kuwerenga mabala athu omwe kumachititsa manyazi, tinaitana mlendo winanso, a Baker Tilly a ku Britain, amene anapeza kuti pafupifupi K24 biliyoni inasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha.

Makontirakiti ambiri amakhala ndi ndime yoti mlendo aphunzitse eni mudzi. Maphunzirowo ndimawaona, chifukwa amakonda kuchitikira kunyanja kuno. Magalimoto akuluakulu amafika Lolemba, chambo chimakwera mtengo Lachiwiri, pofika Lachisanu alawansi yasainidwa. Obwera kudzaphunzira amakhala mabwana oti foni yawo yomwe amawatsegulira ndi mdzukulu. Kamnyamata kodziwa kompyuta, komwe kanaphunzira ku yunivesite ya MUBAS, ya MUST kapena ya Mzuni, kanatsala ku ofesi kukonza makina osindikizira makalata. Anzake ali mu Lilongwe kugulitsa zikuto za mafoni, ndipo ochenjera anapita kunja, komwe tsopano iwonso ndi alendo a tilumo takuthwa. N'kutheka kuti tsiku lina tidzawalemba ntchito pa madola, bola atsike ndege.

Mwini chilimila pano sangagule injini kwa munthu amene akuti sipanala asunga yekha ku Dubai. Amadziwa kuti injini imafera pakati pa nyanja usiku, ndipo nkhafi amaziika m'bwato ngakhale injini ili yatsopano. Koma ofesi ina ya boma yomwe ndinapitako mwezi watha ilibe nkhafi. Kalaliki anandiuza mwaulemu kuti sisitimu yagwa. Ndinafunsa ngati yavulala kwambiri. Iye sanaseke. Anati akudikira anthu a ku Lilongwe, omwenso akudikira imelo yochokera kunja, ndipo buku lakale lija lolemba pamanja analiletsa.

Kwa wometa uja ndinabwererako Lolemba m'mawa. Magetsi analipo, koma ndisanakhale pampando ndinatulutsa lezala yanga yatsopano n'kuiika patebulo pafupi ndi galasi. Mnyamatayo anaitembenuzatembenuza, kenako anaulula kuti kumeta ndi lezala sanaphunzire, koma agogo ake a ku Sani amatha, ndipo magetsi akathawanso awatumizira uthenga.