Kabolodi ka pepo ndi chinkhoswe cha alamu anga

Malume anga atamwalira, ena anatenga njinga, ena malata, ine ndinapatsidwa ampulifaya ndi masipika awiri amatabwa omwe iwo anabwera nawo kuchokera ku Joni. Palibe anandilimbirana nazo. Chimakinacho n'cholemera, kumbuyo kwake kuli timabowo ta waya wofiira ndi woyera, ndipo chinapangidwa nthawi imene nyimbo zinkakhala m'makaseti ndi m'zimbale. Nyimbo zanga zonse zili m'foni, ndipo foni yangayo ilibe ngakhale bowo la mahedifoni.

Munthu wamutu wake akanakwera minibasi pa Kamwendo, n'kutsika pa boma, kapena kuwoloka pa Mwami kukafika kumsika wa Kapata ku Chipata, n'kugula kachipangizo ka Bluetooth kopangapanga, kubaya kumbuyoko, nyimbo n'kuyamba. Koma ine ndine mphunzitsi wa sayansi. Ndinakhala usiku ndikuonera mavidiyo pa YouTube, ndipo kukucha ndinali nditatsimikiza kuti zogulagula ndi za anthu wamba, ine ndilumikiza DAC yanga ndekha.

Ndinkaifotokoza bwino nkhaniyo kwa aliyense amene sanathawe msanga. Nyimbo ya m'foni si phokoso ayi, ndi manambala okhaokha. Pa CD, mawu amayezedwa ka 44,100 pa sekondi imodzi, kumanja kwake kumanzere kwake, ndipo muyezo uliwonse umakhala ndi mabiti 16, kutanthauza kuti ukhoza kugwera pa limodzi la masitepe 65,536. Sipika sidziwa kuwerenga. Imafuna magetsi okwera ndi kutsika kuti pepala lake ligwedezeke. Ntchito ya DAC ndi kusandutsa manambala aja kukhala magetsi amenewo. Chimene sindinkanena n'chakuti foni iliyonse ili nayo kale DAC m'kati, ngakhalenso kasipika kamene anyamata a kabaza amamangirira pa handulo.

Msuweni wanga amayendetsa thiraki ya ku Lusaka kudzera pa Mwami, ndiye ndinamutuma. Anabwera ndi timapaketi tiwiri. M'kena munali kabolodi ka pepo kochepa kuposa bokosi la machesi, pakati pake pali tchipi ya Texas Instruments yotchedwa PCM5102A. M'kenako munali ESP32, kakompyuta kakang'ono kamene kamalandira nyimbo pa Bluetooth n'kumazipatsira DAC ija. Atanditchulira mtengo ndinakondwa kuti n'zotchipa, kenaka anandikumbutsa kuti akunena kwacha ya ku Zambia. Ndinakhala kaye pansi.

Tsoka langa lenileni linayambira pakamwa. Lamlungu lina tili kwa apongozi, ankakambirana za chinkhoswe cha mng'ono wa akazi anga, ndipo nkhani inafika pa ndalama zobwerekera zoimbira. Ine ndi mbale ya mtedza m'manja ndinangoti, "Zimenezo musavutike nazo, bambo. Za nyimbo mundisiyire ine." Apongozi aamuna anayang'ana mwana wawo. Mwana wawo anayang'ana pansi.

Papepala zinthu zake n'zosavuta. Pakati pa ESP32 ndi DAC pamadutsa mawaya atatu a nyimbo, mwa njira yotchedwa I2S imene a Philips anayambitsa mu 1986. Wa BCK amawerenga biti iliyonse, wa LCK amanena ngati nambalayo ndi ya kumanja kapena kumanzere, wa DIN ndiye amanyamula nyimboyo. Kuwonjezera apo pali waya wa magetsi ndi wa GND. Ndinagula chowotcherera ndi mtovu wake pamsika wa pa boma, ndinayala nyuzipepala patebulo lodyera, n'kuyamba.

M'mavidiyo muja dontho la mtovu limakhala kansonga kowala. Langa linkatuluka chibuluma, n'kumeza timiyendo tiwiri nthawi imodzi. Ndili mkati mokokolola, magetsi anathima. Ndinakumbukira kuti amisiri akale ankatenthetsa chitsulo chawo pamakala, choncho ndinapempha malo pambaula pomwe panali nyemba, n'kulowetsamo chowotcherera changa chamagetsi. Chitsulo cha amisiri akale chinalibe chogwirira chapulasitiki. Nyemba za tsiku limenelo tinadya ndithu, koma ana ankangondiyang'ana.

Ndi chowotcherera chatsopano ndinamaliza kulumikiza, ndiye kunatsala kuika pulogalamu mu ESP32. Laputopu inakanitsitsa kuti palibe chimene ndabayako. Bando inathera kutsitsa madiraiva. Anali mwana wanga wa fomu 2 amene anati, "Adadi, kachingwe kameneko n'kongotchajira, sikadutsa zinthu." Ndinamuuza kuti akawerenge. Atachoka ndinasintha chingwe, ndipo zinatheka.

Foni inaipeza Bluetooth yanga. Ndinatsegula Giddes Chalamanda, masekondi anayamba kuyenda pa sikirini, ndinakweza voliyumu ya ampulifaya mpaka kumapeto. M'masipika munali zii. Ndinapeza kuti ndasemphanitsa BCK ndi LCK, ndinakonza mokondwa, komabe zii. Apa ndinaganiza kuti mwina magetsi akuchepa mphamvu. Ndinasamutsira zonse ku batire ya sola ya 12V kudzera pa tchaja ya m'galimoto, ndipo pofuna kuti magetsiwo aziyenda mosalala ndinawonjezera kapasita imene ndinazula m'wailesi yakufa. Kapasita ya mtundu umenewu ili ndi mzere m'mbali wosonyeza mwendo wa negetivu. Zimenezi ndimaphunzitsa chaka chilichonse. Inaphulika kuti phu! Timapepala tinauluka m'nyumba, fungo lake loipa zedi, ndipo akazi anga anatulukira kuchipinda atagwira chitenje pachifuwa.

"Inu abambo, mukufuna kutiwotchera nyumba chifukwa cha chinkhoswe? Bwanji osakafunsa? Safunsa anadya phula."

Ndinayankha kuti kabolodi kamene anagula msuweni wanga n'kabodza. Ndinanenanso kuti kanawonongeka ndi kutentha kwa m'thiraki pamzere wa pa chipata. Alamu anga aamuna, omwe amakonda kupeputsa zinthu mwa kuzikulitsa, anati mwina pali wina sakufuna kuti ukwatiwo uchitike.

Sabata ya chinkhoswe itakwana ndinakulunga zonse m'jumbo n'kupita kwa mmisiri wina wokonza mawailesi ndi mafoni pa boma. Kashopu kake n'kodzaza ndi ma TV opanda misana. Sanandifunse zambiri. Anatembenuza kabolodi ka pepo kaja chagada, mbali imene ine ndinali ndisanaiyang'anepo, n'kundilozera ndi nsonga ya sikuludiraiva. Kumeneko kuli timizere tinayi, kamzere kalikonse kali ndi timadontho titatu tamkuwa, chilembo H mbali ino, L mbali inayo. Tonse tinali tosawotcherera.

"Aphunzitsi, kachitatu aka ndi XSMT. Mukapanda kukalumikiza ku H, tchipi imadzitseka pakamwa. Sikuti yafa ayi, munangoiuza kuti ikhale chete."

Tina titatu, ta FLT, DEMP ndi FMT, analumikiza ku L. Kenaka anandionetsa mwendo wa SCK, umene ndinausiya ukulendewera poganiza kuti ulibe ntchito. Anati umenewo uyenera kupita ku GND, kuti tchipi idziwe kuti wotchi yaikulu siibwera kuchokera kunja ndipo izidzipangira yokha kuchokera pa BCK. Madontho asanu a mtovu, lililonse lowala ngati la m'mavidiyo muja. Anabaya pa ampulifaya yake, ndipo banjo inalira m'kashopumo mpaka mayi wogulitsa zitumbuwa panja anasuzumira. Ndinamuuza mmisiriyo kuti tchipi imeneyi imatha kulandira mpaka mabiti 32 ndi miyezo 384,000 pa sekondi. Iye anati n'zoona, koma Bluetooth imayamba yafinya nyimbo isanazitumize, ndiye zimene zikufika pamenepo sizisiyana kwenikweni ndi za kachipangizo kamene iye amagulitsa pashelefu. Anakaloza. Mtengo wake unali wochepa kuposa wa zowotcherera zanga ziwiri zija. M'thumba mwanga munalibe ndalama yokwanira ntchito yake, choncho tinagwirizana kuti yotsala ndidzapereka pakutha pa mwezi.

Kunyumba kunatulukanso china. Nyimbo zinkamveka, koma pansi pake pankalira kuti mmmm, pamwamba pake kakulira kena ngati ka udzudzu. Kulira kwa pansiko ndi kwa magetsi a m'khoma, omwe kuno amasinthasintha ka 50 pa sekondi, ndipo kwinako kunkachokera m'tchaja yotchipa imene ndinkadyetsera ESP32. Ndinachotsa tchaja n'kuika pawabanki ya akazi anga, phokoso lonse linatha. Ili lokha ndinalithetsa ndekha, ndipo ndikufuna lilembedwe.

Loweruka la chinkhoswe tinanyamula masipika pangolo. Anthu anadzaza pabwalo, a kuchimuna mbali yawo, a kuchikazi mbali yawo, ena anachokera kutsidya kwa malire. Ankhoswe atamaliza zawo, nkhuku zitasinthanidwa, wotsogolera mwambo anakuwa kuti perekaniperekani ayambe. Ndinatsegula Black Missionaries, ndipo masipika a malume anagunda moti apongozi aakazi anandiyang'ana n'kugwedeza mutu movomereza. Mtima unandikwera. Ndinaika foni m'thumba n'kulowa m'bwalo kuti nanenso ndikataye yanga.

Bluetooth ya foni siipita patali, mamita 10 ikakhala yachita bwino, ndipo matupi a anthu amaitchinga. Nditangolowa pakati pa azimayi ovina, nyimbo inayamba chibwibwi, kenaka inaduka, anthu miyendo ili m'mwamba. Ndinathamangira kutebulo, inabwerera. Nditasuntha pang'ono, inadukanso. Choncho ndinaima pambali pa ampulifaya tsiku lonse, foni m'manja, osavina, osapita ngakhale kokatenga chakudya.

Chakumadzulo wotsogolera mwambo anaitana akuchikazi onse, apongozi anga patsogolo, ndipo anapempha nyimbo ya Lucius Banda. Ndikuti ndidine, pamwamba pa sikirini panatsika uthenga wa WhatsApp, chala changa n'kugwera pamenepo, n'kudinanso kachiwiri pofuna kuuchotsa. DAC siisankha manambala. Chilichonse chimene foni yatumiza imachisandutsa mawu, ndipo mawu a mmisiri uja anatuluka m'masipika onse awiri momveka bwino, opanda kakulira kalikonse.

"Aphunzitsi, ndi ine wa mawailesi. Mwezitu watha dzana. Kandalama kanga kaja mundiganizire, paja munati akazi anu asadziwe kuti ndinakukonzerani ndine."

Pabwalo panati zii kachiwiri, koma uku sikunali kwa XSMT. Amene anayamba kuseka anali alamu anga aamuna, kenaka a ku Zambia aja, kenaka bwalo lonse. Wotsogolera mwambo, munthu wosataya mpata, anatenga lichero lina n'kulengeza kuti gule wotsatira ndi wa ngongole ya aphunzitsi. Apongozi aakazi ndiwo anayamba kuponya, akuvina mosandiyang'ana. Akazi anga anaponya komalizira, n'kundiuza chapansipansi kuti pawabanki yawo ibwerere usiku womwewo.

Ndalama za m'licheromo zinakwanira ngongole ija n'kutsalako. Yotsalayo apongozi aamuna anailanda, akuti ndi yobwerekera zoimbira za pa ukwati weniweni mu Okutobala.