Dzenje la aPhiri

(Kukumveka piki ndi fosholo. Chapatali tambala akulira.)

NABANDA: Odi kuno! Kalanga ine, aPhiri, kwagwa zovuta osatiuza? Manda awa ndi a ndani?

PHIRI: Mulavule malovu, aNabanda! Iyi ndi seputiki tanki. Mnyamata wanga wa ku Joni uja watumiza ndalama. Akuti bambo ake asamanyonyomalenso pa ukalamba uno, azikhala ngati bwana pa chimbudzi chogejemula.

NABANDA: Ndiye ubwana wanuwo uzikathera pafupi ndi chitsime changa?

PHIRI: Mverani kaye. Muli zipinda ziwiri zaplasitala. Choyamba, zolemera zimatsikira pansi, tizilombo tosaoneka ndi maso n'kumazidya. Madzi okha ndiwo amawolokera m'chachiwiri, kenako m'dzenje la miyala lija, sokawe, n'kulowa m'nthaka.

NABANDA: Eya, m'nthaka. Nanga chitsime changa chimamwa kuti, kumwamba? Inu muli kumtunda, ine kumunsi. Munaonapo madzi akukwera chitunda?

PHIRI: Mmisiri wanga ndi wa ku Lilongwe, sakumba mwachimbulimbuli.

NABANDA: Ngakhale akhale wa ku London! Mwaiwala kolera ya 2022 ndi 2023? Tinkasinthana makasu kumanda. A zaumoyo ananena pansi pa kachere paja kuti dzenje lotere litalikirane ndi chitsime mamita 30. Inu munali mukuwodzera.

PHIRI: Ndinkaganiza mozama. Chabwino, tiyeni tiyese. Modzi, wiri, tatu...

NABANDA: Iyayi! Kumeneko ndi kuyenda kapena kulumpha ngalande? Bwanji tsopano mwayamba kufupikitsa mapazi ngati mkwatibwi?

PHIRI: Ndi nyamakazi.

NABANDA: Nyamakazi yodziwa masamu! Nachi chingwe cha mbuzi, ndi mamita 5. Gwirani uko.

(Mapazi, kupuma mwabefu.)

NABANDA: Kanayi basi. Mamita 20. Kwiririrani!

PHIRI: Matumba a simenti ndagula kale, njerwa ndawotcha, mchenga ndatuta kudambo pa ngolo yobwereka...

NABANDA: Komanso mwakumba patsinde pa mango wanga. Mizu ikadzaboola mapaipi, mlandu udzakhala wa ine. Likadzadzaza nanga? Galimoto yopopa ija idzadutsa pati, m'munda mwanga mwa mtedza?

PHIRI: Taimani. Bwerekeni chingwecho. Kachimbudzi kanu kaudzu ako, kokhala ndi chitseko cha chiguduli, tikayesenso.

NABANDA: Aaa, kameneko n'kakale, anakumba ndi malemu bambo a ana.

PHIRI: Malemu sanalakwe, koma tiyese. Kamodzi... kawiri... Mamita 10, aNabanda! Ndiye tiyi wanu uja ndimati n'chifukwa chiyani amakoma mwachilendo.

NABANDA: Pakamwa ngati chitini chobooka! Imani kaye. Mpopi mulibe, mjigo uli kutsidya kwa msewu. Madzi ogejemulira muzikatunga kuti?

PHIRI: (Akutsokomola.) Ndimati... poti ndife anansi... pachitsime panupo.

NABANDA: Hede! Mutunge anga oyera, mundibwezere akuda?

PHIRI: Basi, ndasuntha. Ndikakumba kuseri kwa khola, kumunsi uko. Koma kanuko kagwe mvula isanayambe, apo ayi tikaonana kwa amfumu.

NABANDA: Kagwa. Koma chatsopanocho andikumbire anyamata anu omwewa, ndipo ndowa iliyonse yotunga kwanga mudzalipira.

PHIRI: Nanga dzenje ili nditani nalo?

NABANDA: Bzalanimo nthochi. Mkoko woyamba ndi wanga.