Katswiri wa Makompyuta wa ku Wusakile

Kuno ku Wusakile ukatswiri suchita kuphunzira, umangopatsidwa. Ukakhala wovala magalasi, ndiponso unagwirapo ukalaliki pamgodi wa Nkana masiku a kampani ya ZCCM, anthu amangoti chilichonse chokhala ndi nthambo umachidziwa. Ine ntchito yanga inali kulemba mayina m'kaundula ndi bolopeni mpaka migodi itagulitsidwa mu 2000. Koma poti kwathu n'ku Chipata, ndipo ife a kummawa tinazolowera kudzitama kuti nzeru zimatuluka ndi dzuwa, ndikanakana bwanji pamene a komiti ya kagulu kathu kothandizana pamaliro anandibweretsera kompyuta pa wilibala?

Nthenda yake inali ya kuiwala. Magetsi akangozima n'kuyakanso, sikirini inkada bii, n'kulemba timawu toyera takuti CMOS checksum error, kenako n'kulamula kuti munthu adine F1. Ukadina, Windows inkadzuka bwinobwino, koma tsiku litabwerera pa 1 Januwale 2010. Amsungichuma, munthu wosayang'ana pakona ya sikirini, anali atasindikiza kale malisiti osonyeza kuti tinagulira anthu mabokosi zaka zoposa khumi asanamwalire. Banja lina linafunsa kuti tinadziwa bwanji. Pa intaneti napo masamba ankakana kutseguka, chifukwa ziphaso zawo zachitetezo zimakhala ndi madeti, ndipo kwa kompyuta yokhala mu 2010 chiphaso cha chaka chino sichinabadwe.

Ndinagwedeza mutu pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Imeneyi ndi BIOS." Mawuwo ndinali nditawamva dzulo lake kwa mdzukulu wanga wa ku sekondale. A komiti anayang'anizana mwaulemu n'kubwerera ndi wilibala yawo.

Tsopano imvani zimene ndinadzaphunzira mochedwa. Windows isanadzuke, pamakhala kapulogalamu kena kokhala m'kachipangizo kake pa motherboard, chithabwa chachikulu chija chimene zonse za m'kati zimalumikizidwapo. Kameneko ndi kapitawo woitana mayina shifiti isanatsike pansi: purosesa alipo? RAM alipo? Kiyibodi wafika? Disiki ali pamzere? Onse akayankha, kamalira kamodzi kuti pii, n'kupereka ntchito kwa Windows. Dzina loti BIOS analiyambitsa ndi Gary Kildall mu 1975, ndipo linafala ndi kompyuta ya IBM ya mu 1981. Makina atsopano ali ndi mtundu wina wotchedwa UEFI, wa zithunzi, woti n'kuyendamo ndi mausi, ngakhale aliyense amangoutchulabe BIOS. Yathuyi inali yachikale: sikirini yabuluu, mausi osagwira ntchito, kuyenda ndi mabatani a mivi okhaokha.

Kulowamo kokha kunali ntchito. Makina ambiri amafuna Del kapena F2, a HP amakonda F10, ndipo khomo limatseguka kanthawi kochepa kompyuta ikangoyaka. Ine pofika poti ndawerenga, ndakweza magalasi, ndalipeza bataniro, Windows inali itafika kale.

"Agogo, musadikire kuwerenga. Mukangoyatsa muzingodina mobwerezabwereza," anatero mdzukulu ali pakhomo.

"Pita ukathandize agogo ako aakazi kusadzula ndiwo," ndinamuyankha. Atapita, ndinadina mobwerezabwereza, ndipo ndinalowa.

M'katimo munali mitu pamwamba: Main, Advanced, Power, Boot, Security, Exit. Pa Main ndinapeza tsiku ndi nthawi, ndinakonza, ndinatuluka ndi Esc, ndipo kompyuta itandifunsa funso ndinayankha kuti inde chifukwa ndinaleredwa bwino. Funsolo linali lakuti kodi nditaye zimene ndasinthazo. Tinabwereranso mu 2010. Batani losungira ndi F10, ndipo linali lolembedwa pansi penipeni pa sikirini nthawi yonseyo. Nditasunga, tsiku linakhazikika mpaka madzulo pamene magetsi anapita. Atabwera, chaka chinali 2010.

Munthu wanzeru akanaima pomwepo n'kufunsa. Ine ndinaganiza kuti vuto liyenera kukhala pa Advanced, poti dzinalo likumveka la anthu a msinkhu wanga. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma mwambiwo ndinkauyesa wonena za Abemba.

Ndinayamba ndi SATA Mode. Panali palembedwa IDE, ndipo pansi pake panali AHCI. Zilembo zinayi zimaposa zitatu, choncho ndinasankha AHCI. Kunena zoona AHCI ndi njira yatsopano komanso yabwinopo yolankhulira ndi disiki, koma Windows imene inaikidwa makina ali pa IDE siyembekezera kusinthidwa mwadzidzidzi. Inangoonetsa sikirini yabuluu ya mtundu wina, yopanda mitu pamwamba, n'kuzima, n'kuyaka, n'kuzimanso. Ndinabweza. Kenako ndinapita pa Boot, pamene pali mndandanda wa malo amene makina amafufuzako Windows: disiki, fulashi, DVD, netiweki. Amene amaika Windows yatsopano amakweza fulashi pamwamba. Ine ndinakweza netiweki n'kuchotsamo disiki, poganiza kuti intaneti iyamba kuthamanga. Kompyuta inakhala ikufunafuna bwana wake m'nthambo yosalumikizidwa kulikonse, n'kumaliza ndi kunena kuti palibe poyambira.

Apa n'kuti mbuya wanga wa Chibemba, woyandikana naye nyumba, atasuzumira pazenera.

"Inu a kummawa, chimenechi si mbewa yoti mufukule ndi khasu. Ikani BIOS yatsopano, nkhani ithe."

Pa mfundo yokhayi ndinapambana, ndipo chinandipulumutsa ndi mantha. Kuika BIOS yatsopano n'kufufuta zolembedwa m'kachipangizo kaja n'kulembamo zina. Magetsi akazima ntchito ili pakati, motherboard yakale imangofa, osayakanso. Zina zatsopano zili ndi kachipangizo kachiwiri kapena batani lodzipulumutsira, koma yathu ayi. Ndipo amene anakhala m'Zambia mu 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, akudziwa kuti magetsi ankabwera kudzangopereka moni. Ndinamuuza mbuyayo kuti apite akaotche pusi wake, amene kwawo amati kolwe. Iye anati bola kolwe ali ndi nyama.

Asanachoke anaponya lina, lakuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0 ndi makina otha Secure Boot. Pa makina atsopano TPM imabisala pansi pa dzina loti PTT ngati purosesa ndi ya Intel, kapena fTPM ngati ndi ya AMD. Ndinafufuza mayina onse atatu m'zipinda zonse. Kompyuta yathu inali isanamvepo za anthu amenewo.

Pofuna kuti mbuya asadzagwiregwire ine kulibe, ndinapita pa Security n'kuika pasiwedi. Ndinasankha Kalampa, dzina lotamandira timu yathu ya Nkana, yomwe bwalo lake lili konkuno ku Wusakile. Palibe amene angaiwale Kalampa. Chimene munthu angaiwale n'chakuti anawonjezerapo manambala kumapeto, ndipo kaya anali chaka chobadwa chake, kaya nambala yake ya pamgodi, kaya zigoli za Loweruka lina. Batire lakufa la pa motherboard, limene ndinali ndisanalidziwe, likanayenera kuiwalitsa pasiwediyo magetsi akazima. Tsiku limenelo magetsi sanazime.

"Bambo a ana," anatero mayi a kunyumba, "mwadzitsekera kunja kwa chinthu cha eni ake?"

"Ndikuchiyesa chitetezo, amake ana."

"Muitaneni mwanayo."

Mdzukulu anazula pulagi kukhoma, anamasula timasikuluwu tiwiri, anagwira chitsulo cha bokosilo kuti magetsi a m'thupi asatenthe tizipangizo, n'kuloza kabatire kozungulira, kophwatalala, kolembedwa CR2032. Kameneko, ka mavoti 3, ndi kamene kamayendetsa wotchi ndi kusunga zosankha za BIOS makina akazima. Kamatha pakapita zaka. Kathu kanali katatha kalekale. Anakachotsa, anadikira pang'ono, ndipo pasiwedi yanga inapita pamodzi ndi ukatswiri wonse umene ndinaikamo. Anati ma motherboard ambiri alinso ndi timapini tolembedwa CLR_CMOS tochitira zomwezo. Ananditumiza ku msika wa Chisokone kukagula kena, ndipo mtengo wa minibasi yopita ndi kubwera unatsala pang'ono kufanana ndi wa kabatireko. Anakaika, anasankha Load Defaults, anaonetsetsa kuti SATA ili pa IDE, anakonza tsiku, anadina F10. Tinazimitsa, tinazula, tinayatsa. Chaka chinali chino.

Iye atapita kukachita homuweki, ndinalowamonso kamodzi, kuti ntchitoyo ikhale ndi dzanja langa. Pa Power ndinapeza mzere wakuti Restore on AC Power Loss, wofunsa chimene makina achite magetsi akabwera: akhale chizimire, abwerere mmene analili, kapena ayake okha. Ndinasankha Power On, kuti amsungichuma asamavutike kuwerama. Ulendo uno F10 sindinaiwale, ndipo kabatire katsopano kanasunga mokhulupirika.

Magetsi anapita chakumadzulo n'kubwera pakati pa usiku. Pabalaza panamveka pii, fani inayamba kuwomba, kuwala kunadzaza khoma, ndipo masipika amene ndinawasiya pa voliyumu yonse anaimba kanyimbo ka Windows. Mayi a kunyumba anadzuka akutchula dzina la Yesu. Ine ndinafunda kumutu, pofuna kuganiza bwino.

"Chinthu chodzuka chokha usiku, chimene chinalembera anthu maliro asanafe, m'nyumba mwanga muno sichigonanso," anatero.

Kutacha, wilibala inabwera. Kompyuta inapita kwa awapampando itafundidwa chitenje, ndipo a komiti anandithokoza kwambiri chifukwa malisiti ayamba kutuluka ndi madeti oona. Mzere uja sindinaubweze, chifukwa panalibe mpata wolowera mu BIOS mayi ataima pambali manja ali m'chiuno.

Dzulo akazi a wapampando anabwera kudzandinong'oneza kuti chinthucho chikumadzuka chokha usiku, ndipo aitana abusa kuti adzachipempherere Lachinayi. Andipempha kuti ndidzakhalepo monga katswiri. Kukonza kwake n'kudina Del, mivi iwiri, Enter ndi F10, koma pamafunika kufotokoza kaye kuti ndadziwa bwanji pamene pali vuto. Ndavomera kudzatsogolera nyimbo yotsegulira.